Kuyambitsa gulu la anthu opalasa njinga m'dera lanu: poyambira ndi potsatira

Njinga yakapalasa siifa ndi ukalamba. Mukayenda m'mudzi uliwonse n'kusuzumira m'makhonde ndi kuseri kwa nkhokwe, mupeza njinga yopachikidwa, felemu yake ili bwinobwino, koma yatha miyezi isakuyenda chifukwa tayala lakumbuyo linang'ambika mu Januwale, nthawi ya njala. Mwiniwake anati akonza akagulitsa mbewu. Atagulitsa, ndalama inapita kusukulu ndi ku feteleza, njinga n'kukhalabe pomwepo mpaka tcheni kuchita dzimbiri. Gulu la njinga laphindu ndi limene limatsitsa njinga zoterezi n'kuzibwezera pamsewu. Anthu ambiri akamva zoyambitsa gulu amathamangira kulemba kalata kumabungwe yopempha njinga zatsopano. Kalatayo ilembedwe, koma ikhale yomaliza. Zoyamba ndi izi.

Choyamba: werengani njinga zimene zilipo kale

Musanaitane msonkhano uliwonse, anthu atatu kapena anayi mutenge kope ndi cholembera muyende khomo ndi khomo. Pa njinga iliyonse lembani zinthu zinayi: mwiniwake, mtundu wake, ngati ikuyenda kapena ayi, ndipo ngati siikuyenda, chavuta n'chiyani. Musalembe kuti "yowonongeka" basi. Lembani kuti chubu, kapena masipoko anayi akumbuyo, kapena pedulo yakumanzere.

Mtundu wa njinga ndi wofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Njinga zakale zakuda zija, za mtundu wa Humber kapena Hero, zimavala matayala a mainchesi 28. Njinga zambiri za magiya zochokera kunja, komanso za mtundu wa Buffalo, zimavala a mainchesi 26. Chubu cha njinga ina sichilowa pa inzake, ngakhale tcheni cha njinga ya giya imodzi n'chosiyana ndi cha njinga ya magiya ambiri. Gulu likagula zipangizo lisanawerenge, limapezeka lasunga machubu khumi amene palibe njinga yowavala.

Lembaninso nambala ya felemu. Kawirikawiri imadindidwa pansi pamene pamazungulira mapedulo, kapena pachitsulo chotsika kuchokera kuchishalo. Tsiku limene njinga ya membala idzabedwe, nambala imeneyi ndi imene idzayankhule kupolisi, chifukwa wakuba amasintha utoto usiku umodzi wokha.

Chachiwiri: gwirizanani ntchito imodzi

Kope lija likuuzani kuti m'dera lanu muli anthu otani. Pena ambiri ndi akabaza a pasiteji (ku Mzuzu amati a sacramento), pena ndi alimi onyamula tomato ndi makala kupita kumsika, pena ndi ana a sekondale yoyendera amene amayenda makilomita ambiri m'mawa uliwonse. Zofuna zawo n'zosiyana. Wakabaza akufuna malo oimapo osathamangitsidwa ndi khonsolo komanso thandizo akachita ngozi. Mlimi akufuna kaliyala yolimba ndi masipoko. Mwana wasukulu akufuna malo osiyapo njinga yake osabedwa belu.

Sankhani ntchito imodzi ya chaka choyamba. Ine ndimalimbikitsa yokonza njinga, chifukwa ndi imene imakhudza onse ndipo zotsatira zake zimaoneka ndi maso pa sabata imodzi. Mipikisano, maulendo ndi mayunifolomu zidzabwera zokha gulu likakhala ndi moyo.

Chachitatu: kwa amfumu, kenako msonkhano

Pitani kwa nyakwawa musanalengeze kanthu. Afotokozereni mwachidule, apempheni bwalo lochitira msonkhano, ndipo muwapemphe kuti nkhaniyi ikafikenso ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi, VDC ija. M'tauni muonane ndi mfumu ya dera ndi khansala. Si mwambo chabe: mawa mukadzafuna kamalo komangapo chisakasa chokonzera njinga, kapena kalata yokachitira umboni kubanki, mudzabwerera kwa anthu omwewa.

Pamsonkhano woyamba uzani aliyense abwere ndi njinga yake, yoyenda ndi yakufa yomwe. Wokonza njinga akhalepo ndi zida zake, amate machubu awiri atatu anthu akuona, kwaulere. Zimenezi zimakopa kuposa kuyankhula kwa ola lathunthu.

Posankha komiti musachulukitse mipando. Wapampando, mlembi, msungichuma ndi woyang'anira zida akwana. Msungichuma asakhale m'bale wa wapampando, ndiponso asakhale makaniko wa gulu, pakuti wogwiritsa ntchito zipangizo sayenera kukhala yemweyo wosunga ndalama yogulira zipangizozo. Amayi akhalemo m'komiti, osati wongodzaza mpando. M'mabanki mkhonde ambiri ndi amayi amene asunga mabokosi zaka ndi zaka popanda tambala kusowa, ndiye luso limenelo musalisiye panja. Amfumu akhale mlangizi, asakhale wapampando. N'kovuta kufunsa mfumu kuti pampu ya gulu ili kuti.

Chachinayi: malamulo ndi ndalama

Apa ndi pamene magulu ambiri amafera, choncho musafulumire. Malamulo alembedwe m'Chichewa, akwane masamba awiri, awerengedwe mokweza pamsonkhano, aliyense asaine kapena kudinda chala. Ayankhe mafunso amene adzabweretse mkangano: Kulowa m'gulu ndi ndalama zingati? Msonkhamsonkha ndi wa sabata kapena wa mwezi? Wolephera kupereka miyezi iwiri atani? Wotaya sipanala ya gulu alipira bwanji? Wotuluka m'gulu atenga kanthu kapena ayi? Funso lomalizali anthu amachita nalo manyazi poyamba, koma ndi limene limadzafikitsa anthu kubwalo la amfumu.

Musalembe msonkhamsonkha ngati chiwerengero cha makwacha chokhazikika. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo matayala, machubu ndi matcheni pafupifupi onse amachokera kunja. Gulu limene linalemba chiwerengero chake kale linangodzuka tsiku lina ndalama ya mwezi wonse isakukwana kugula zimene inkagula. Lembani motere: msonkhamsonkha wa mwezi ndi theka la mtengo wa chubu chimodzi pamsika wathu, kapena kwa akabaza, mtengo wa ulendo umodzi waufupi pa sabata. Mitengo ikakwera, msonkhamsonkha ukwera wokha popanda kukangana.

Pa chifukwa chomwechi, musasunge ndalama zambiri m'bokosi. Zikangokwana, zisandutseni zipangizo. Chubu chosungidwa pamthunzi, kutali ndi dzuwa ndi palafini, chimakudikirani, ndalama siidikira. Gulani ku holoselo m'tauni, ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, anthu awiri apite limodzi ndipo abwere ndi lisiti. Membala azigula pamtengo wotsikirapo, amene si membala azigula pamtengo wa pamsika, ndipo kusiyana kwakeko ndiye phindu la gulu.

Gawani thumba pawiri. Lina la zipangizo, lina la ngozi ndi matenda. Thumba la ngozi lisabwerekedwe ngakhale wapampando atalira bwanji. Wakabaza akathyoka mwendo amakhala miyezi iwiri kapena itatu osapalasa, ndipo kathumba kameneka ndi kamene kamagula ufa pakhomo pake. Za maliro gwirizanani padera, mulembe malire, chifukwa maliro awiri otsatizana amatha kupsereza thumba lonse.

Bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, monga zimakhalira ku banki mkhonde. Ngati mukugwiritsa ntchito Airtel Money kapena TNM Mpamba, foni isunge munthu wina, nambala yachinsinsi adziwe wina, ndipo uthenga wa ndalama yotsala uwerengedwe pamaso pa onse pamsonkhano uliwonse. Ngongole ya zipangizo iloledwe, koma ya chinthu chimodzi pa nthawi: wotenga tayala pangongole sangatengenso tcheni asanamalize kulipira.

Chachisanu: makaniko, zida ndi tsiku lokonza

M'dera lanu muli kale munthu wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Musamudumphe n'kumaphunzitsa wina ngati kuti iye kulibe. Mumulanda chakudya ndipo adzakhala mdani wa gulu. Mukambirane naye. Gulu limupatse zida zabwino ndi makasitomala okhazikika, iye aphunzitse achinyamata awiri, mmodzi akhale mtsikana, komanso azikonzera mamembala pamtengo umene mwagwirizana. Azilipidwa. Ntchito yongodzipereka imatha mwezi wachitatu.

Zida zoyambira si zambiri: pampu yolimba yapansi, masipanala a 8, 10, 13 ndi 15, sipanala yosintha kukula, pulayala, sikuludiraiva, hamala yaing'ono, kiyi womangira masipoko, zitsulo zochotsera tayala, solushoni ndi zigamba, girisi ndi oyilo. Sipanala ya 15 mugule ziwiri, chifukwa ndi imene imamasula mawilo ndi mapedulo, ndipo ndi imene imayamba kusowa. Jambulani chithunzi cha chida chilichonse pathabwa n'kukhomapo msomali, kuti madzulo chosowa chizionekera pomwepo. Zida sizipita kunyumba kwa munthu. Wofuna abwere ndi njinga yake.

Ikani tsiku limodzi pa mwezi, mwachitsanzo Loweruka loyamba, loti mamembala onse abwere kudzasamalira njinga zawo pamodzi. Cholinga n'chakuti aliyense adziwe tinthu ting'onoting'ono yekha, makaniko atsale ndi ntchito zikuluzikulu. Zofunika kuphunzitsa ndi izi.

Kumata chubu: pezani pobowoka m'beseni la madzi, pukutani, palani ndi sandipepa, pakani solushoni pang'ono, ndiyeno dikirani aume mpaka asiye kunyezimira musanaike chigamba. Ambiri amamata solushoni akadali wamadzi, chigamba n'kumatuka asanafike kumsika. Musanabwezere chubu, yendetsani chala m'kati mwa tayala. Munga umene unabowola nthawi zambiri umakhala ukadali momwemo.

Mpweya: tayala lofewa ndi limene limadya machubu. Likagunda mwala, limu imatsina chubu n'kuboola timabowo tiwiri toyandikana. Wonyamula matumba a chimanga azipopa tayala lakumbuyo m'mawa uliwonse.

Masipoko: imodzi ikaduka, ikani ina tsiku lomwelo. Mukaisiya, zoyandikana nayo zimasenza katundu wake n'kuyamba kuduka motsatizana, limu n'kupindika, ndipo zimene zikanatha ndi sipoko imodzi zimafuna wilo latsopano.

Tcheni: chipukuteni ndi kansanza, donthezani oyilo pang'ono, pukutaninso. Oyilo wochuluka amaitana mchenga, ndipo mchenga ndi umene umadya mano a giya. Nyengo ya mvula chitani zimenezi sabata iliyonse.

Pedulo yakumanzere imamasukira mbali yosiyana ndi manati ena ambiri. Ambiri aphwanya mazinga pokakamiza, akuganiza kuti yachita dzimbiri.

Ndipo mabuleki. Njinga yopanda mabuleki, yoimitsa ndi chidendene patayala, isatuluke pamalo okonzera mpaka itakonzedwa. Limeneli likhale lamulo lolembedwa.

Chachisanu ndi chimodzi: kulembetsa

Gulu likayenda miyezi ingapo ndi mabuku ake, lilembetseni. Pitani ku ofesi ya zosamalira anthu ya kukhonsolo ya boma lanu ndi malamulo anu, mayina a mamembala, zokambirana za misonkhano ndi kalata ya amfumu, mufunse zofunika kuti muzindikiridwe ngati gulu la m'dera. Ngati cholinga chanu ndi bizinesi, monga sitolo ya zipangizo kapena kugulira mamembala njinga pangongole, funsani ku ofesi ya zamalonda za kulembetsa ngati kopaletivi. Chikalata chimenecho n'chimene banki idzafune potsegula akaunti ya gulu. Kulembetsa gulu lisanayambe ntchito n'kungogula pepala.

Chachisanu ndi chiwiri: kukhala ndi moyo pamsewu

Misewu yathu ikuluikulu, monga M1, m'malo ambiri m'mphepete mwake munadyeka, ndipo wanjinga amapikisana ndi mathiraki pa phula lomwelo. Gulu silingakulitse msewu, koma lingapangitse kuti mamembala ake azioneka. Gulani tepi yonyezimira pamodzi, muidule tizidutswa, mumate yofiira kumbuyo, yoyera kutsogolo. Wopalasa usiku akhale ndi tochi kutsogolo, ngakhale yomangirira ndi mphira, komanso chovala chowala. Ngozi zambiri zoopsa zimachitika chisisira, woyendetsa galimoto atathobwa ndi magetsi a galimoto inzake, wanjinga wovala zakuda ali m'mphepete.

Itanani wapolisi wa pamsewu kapena wa ku nthambi yoona za chitetezo cha pamsewu adzayankhule ndi gulu kamodzi pa chaka. Zobwereza n'zodziwika koma anthu amafa nazo: palasani kumanzere, motsatira magalimoto, osati moyang'anizana nawo, kwezani dzanja musanakhote, yang'anani kumbuyo musanadutse dzenje, musagwire kumbuyo kwa lole pokwera chitunda. Katundu wopingasa, monga malata, matabwa kapena mitolo ya nzimbe, amangidwe motsata kutalika kwa njinga. Akabaza agwirizane okha kuti woledzera sanyamula munthu tsiku limenelo, ndipo chindapusa chake chikhale chowawa. Manambala olembedwa kumbuyo kwa njinga ndi pa zovala amathandiza wokwera kudziwa amene wamunyamula, ndipo siteji yokhala ndi manambala anthu amaikhulupirira usiku.

Patulani nthawi yophunzitsa amayi ndi atsikana amene sanapalasepo. Bwalo la sukulu Lamlungu masana ndi labwino. Tsitsani chishalo mpaka mapazi afike pansi, chotsani mapedulo, wophunzira azidzikankha ndi mapazi pamalo otsetsereka pang'ono mpaka azolowere kusagwa, kenako bwezerani mapedulo. Njira imeneyi ndi yachangu kuposa kumugwirira kumbuyo n'kumathamanga naye. Anyamata oseka muwatalikitse. Njinga yopanda chitsulo chapamwamba ndi yosavuta kwa wovala chitenje, ndiye ngati gulu lidzagule njinga yophunzitsira, ligule yotero.

Chachisanu ndi chitatu: onekerani, ndipo yankhulani

Pakatha chaka, konzani ulendo wa pamodzi. Tsiku labwino ndi 3 Juni, limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2018 kukhala tsiku lokumbukira njinga padziko lonse. Kwathu kuno mvula imakhala itatha ndipo kunja kukuzizira bwino. Lemberani bwanamkubwa ndi apolisi masiku angapo tsikulo lisanafike. Mtunda ukhale waufupi woti agogo ndi ana akwanitse, wodziwa njira atsogole, makaniko akhale kumbuyo ndi pampu. Musasandutse mpikisano. Achinyamata ofuna liwiro alumikizeni ndi bungwe loyendetsa masewero a njinga m'dziko muno, ndi nkhani ina imeneyo.

Ulendowu ukathere pakhomo la khonsolo kapena pa ofesi ya komiti ya chitukuko cha dera, ADC, ndi pempho limodzi lolembedwa: zitunda zochepetsa liwiro pasukulu yakutiyakuti, malo okhazikika a akabaza pamsika, kapena kukonza kamlatho kamene kamadula njira nthawi ya dzinja. Pempho limodzi, lokhala ndi malo ake ndi mayina a osaina. Mndandanda wa madandaulo makumi awiri umangolowa m'kabati.

Musaderere zimenezi. Ku Netherlands, kumene lero njinga zili ndi misewu yakeyake, sizinayambe ndi boma. Mu 1971 anthu oposa 3,000 anafa pangozi za pamsewu m'dzikomo, ana oposa 400 ali m'gulu limenelo. Makolo anayamba kutseka misewu ndi kuchita zionetsero, ndipo mu 1975 opalasa njinga anakhazikitsa bungwe lawo limene lero limatchedwa Fietsersbond. Ku Bogotá, m'dziko la Colombia, zotseka misewu kuti anthu apalase zinayamba mu 1974 ndi kagulu ka anthu okonda njinga, ndipo lero Lamlungu lililonse misewu yotalika makilomita oposa 100 imatsekedwa kwa magalimoto kuyambira m'mawa mpaka masana. Ku San Francisco ulendo wa Critical Mass, wa anthu ambiri opalasa njinga pamodzi, unayamba mu 1992, Lachisanu lomaliza la mwezi, n'kufalikira m'mizinda yambiri. Ife mavuto athu ndi ena, njinga kwathu ndi khasu osati chosangalalira, koma njira yochulukana kuti akuluakulu akuoneni ndi yomweyo.

Pomaliza pake: mabungwe akunja

Tsopano kalata ija mukhoza kulemba, ndipo ikhala ndi mphamvu chifukwa muikamo zimene mwachita: njinga zingati munazipeza zakufa, zingati zikuyenda lero, m'thumba muli zingati, makaniko ndani.

Dziwani amene mukuwalembera. Bungwe la World Bicycle Relief linayamba mu 2005, madzi osefukira a tsunami atasakaza ku Sri Lanka, kenako linabwera ku Zambia ndi mayiko ena a kuno kuphatikizapo Malawi. Njinga yawo ya Buffalo ndi yolemera, yachitsulo chokhuthala, ndipo kaliyala yake inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100. Iwo akamagawa njinga kusukulu amakhazikitsa komiti ya m'dera yoyang'anira njingazo, amaphunzitsa makaniko wa komweko, njinga zambiri amapatsa atsikana, ndipo mwana ndi makolo ake amasaina pangano loti njingayo ndi yopitira kusukulu. Mukaonetsetsa, zimene amafunazo ndi zomwe gulu lanu lili nazo kale. Ku Namibia, bungwe la Bicycling Empowerment Network limatumiza kontena yodzaza njinga zakale kudera, kontenayo n'kusanduka shopu yokonzera ndi kugulitsa njinga yoyendetsedwa ndi anthu a komweko. Ku South Africa kuli bungwe logawa njinga la Qhubeka. Za maambulansi okokedwa ndi njinga, ku Blantyre kampani ya Sakaramenta inadziwika nazo, ndipo ku Lusaka a Zambikes anapanga yawo yotchedwa Zambulance.

Mukalandira ambulansi yotere, isungidwe ndi munthu wodziwika amene amapezeka usiku, pafupi ndi njira, ndipo mlangizi wa zaumoyo adziwe kumene ili. Ikhale ndi kope lolembamo ulendo uliwonse, matayala ake azipopedwa pa tsiku lokonza lija ngakhale isanayende, ndipo mulembe m'malamulo kuti sinyamula feteleza kapena njerwa, kaya wopempha ndi ndani.

Wina akakulonjezani njinga zaulere, mufunseni mafunso atatu musanavomere. Matayala ake ndi a saizi yanji, ndipo amapezeka pamsika wanu? Njingazo zidzakhala za gulu kapena za munthu payekha? Nanga zosinthira zoyamba abweretsa limodzi? Njinga zothamangira za matayala opyapyala, zimene ena amatumiza ndi mtima wabwino kuchokera ku Ulaya, sizipirira msewu wafumbi ndipo machubu ake ngovuta kuwapeza kumudzi. Zoterozo mukalandira, gwirizanani ndi wopereka kuti muzigulitse m'tauni kwa okonda masewero, ndalamayo mugulire matayala a 28 ndi 26 amene ali m'kope lanu lija. Mgwirizano umenewu ulembedwe ndi kusainidwa njinga zisanatsike m'galimoto.